Nsapato za ana a ku Phalombe: titulutse za pansi pa bedi kapena tigule?

LOLEMBA USIKU

Mlembi: Mwaswera bwanji nonse. Pa msonkhano wathu wa mwezi watha tinagwirizana kuti chaka chino tisangokumana kudya nyama ndi kukumbutsana zikwapu za aphunzitsi athu akale, koma tichiteko kanthu kooneka. Madam athu a ku Phalombe anatchula za ana omwe akupita kusukulu opanda nsapato, ndipo June uja wayandikira. Ganizo langa ndi lakuti aliyense afufuze m'nyumba mwake, atulutse nsapato zomwe sakuvala, tiunjike kwathu kuno ku Chilomoni, kenako tikapereke. Mukuti bwanji?

Msungichuma: Ndalandira ndi manja awiri. Kwanga kuno pansi pa bedi pali nsapato zoti munthu akhoza kutsegulira sitolo.

Achemwali a ku Leeds: Ambuye akudalitseni alembi. Kuno ana amasiya nsapato zikadali zatsopano, phazi likangokula basi. Ndikalengeza kutchalitchi Lamulungu, makatoni atatu adzadza osavuta.

Malume: A Msungichuma, pansi pa bedi panupo pali gogoda zokhazokha, tonse tikudziwa. Mwana wa Sitandade 3 akakwere nazo phiri la Michesi?

Msungichuma: Koma inu a Malume, mwayambapo.

Malume: Ndayamba ndi nthabwala koma nkhani ndili nayo. Namondwe Freddy atagwetsa matope kuchokera m'phiri la Soche mu March 2023, ine ndinali mmodzi mwa omwe tinkasankha katundu amene anthu ankabweretsa kutchalitchi kwathu kuti apite kwa anzathu a ku Chilobwe. Zovala zinali bwinoko. Koma matumba a nsapato, abale! Nsapato yakumanzere yopanda inzake. Gogoda za pa ukwati zothyoka chidendene. Zina zoyasama kutsogolo ngati ng'ona. Zina zochita nkhungu zoti ukatsegula thumba umayamba wathawa kaye. Tinakhala masiku awiri tikuphatikiza, ndipo zambiri zinathera kudzala. Anthu ena sanapereke, anangosesa m'nyumba. Ine sindikufuna gulu lathu likhale ngolo yotayira zinyalala ku Phalombe.

A Tcheya: Mawu awa ndi owawa koma ndi mankhwala. Tisanapitirire, eni nkhani alankhule. Madam muli pompo?

Mlembi: Netiweki kwawoko imavuta usiku, mwina ayankha mawa.

LACHIWIRI

Madam (Phalombe): Mwadzuka bwanji akuluakulu. Ndawerenga zonse, ndakwera pachulu kuti mauthenga alowe. Zikomo pokumbukira ana athu. Koma ndiloleni ndinene mosabisa. Chaka chatha kunabwera anthu ena achifundo ndi matumba awiri. Anaimika ana pamzere, aliyense kumupatsa peyala yomwe yatuluka m'thumba, kujambula, kukwera galimoto, ulendo. Patatha sabata ziwiri, ovala nsapato zija ndinkawawerenga ndi zala za dzanja limodzi. Wina zinamuthina mpaka matuza. Wina zinamukulira, anavala ndi bambo ake. Wina amayi ake anaika m'sutikesi kuti ndi za Lamulungu. Mtsikana wina ankabwera atazinyamula m'manja n'kuvala pageti, kuopa kuti zitha. Choncho vuto si kusowa kwa mtima wopatsa ayi. Vuto ndi lakuti palibe anayamba wafunsa kuti phazi la mwanayo ndi lotani.

Mlembi: Iii madam, zimenezi sindinaziganize n'komwe.

Madam (Phalombe): Ndipo phazi la mwana amene wakula osavala nsapato ndi losiyana ndi la ana anu a m'tauni. Limakhala lotambalala, zala zomwazika, chidendene cha mang'a. Kutalika likhoza kufanana ndi la mwana wa ku Leeds, koma nsapato yopapatiza salowamo. Ambiri osowa ndi a Sitandade 1 mpaka 4. Akuluakulu a 7 ndi 8 ena amagwira ganyu n'kugula mapatapata okha.

Wa ku Joni: Ndiye kuti za pansi pa bedi zija sizithandiza, chifukwa zathu ndi sayizi 7, 8, 9.

Msungichuma: Komabe nsapato ndi nsapato achimwene. Bola kuvala yaikulu kusiyana ndi kuponda pansi. Ziwateteza ku matekenya ndi likodzo.

Anesi: Ndikonzeko pang'ono achemwali. Likodzo ayi. Limenelo mwana amalitenga m'madzi momwe muli nkhono zija, posamba, pochapa kapena powedza, monga m'madambo olowera ku nyanja ya Chilwa. Avale nsapato asavale, akalowa m'madzimo alitenga. Mankhwala ake ndi aja amagawa m'masukulu.

Zomwe nsapato imathandizadi ndi izi. Pali njoka zam'mimba zina zomwe ana ake amakhala m'dothi lomwe anthu achitirapo chimbudzi, ndipo zimalowera pakhungu la kuphazi. Zikakhazikika m'matumbo zimayamwa magazi, mwana n'kumangofooka ndi kusinza m'kalasi, aphunzitsi n'kumati ndi waulesi. Kenako minga, magalasi osweka, misomali. Ndiye matekenyawo. Tekenya ndi kachilombo kakang'ono kwambiri kokhala m'fumbi louma. Kakakazi ndi kamene kamaboola khungu, makamaka m'mbali mwa zikhadabo ndi pakati pa zala, n'kufufuma mkatimo mpaka kufika ngati kambewu ka nsawawa. Mazira ake amagwera pansi, kuswa m'fumbi lomwelo, n'kuyambiranso. N'chifukwa chake nsapato yokha simaliza nkhani. Mwana amavula akafika kunyumba, ndipo ngati pansi m'nyumbamo ndi pafumbi posazira, nkhumba ndi agalu zikugona pakhonde, matekenya amupeza usiku pamphasa.

Msungichuma: Ndaphunzira. Ine ndimangoti zonse n'zimodzi.

Anesi: China chofunika kwambiri: mwana yemwe ali kale ndi zilonda za matekenya musamuveke nsapato yotseka asanalandire chithandizo. Ndipo zija zotokosolana ndi phini mmodzi ana asanu, kapena ndi minga, ziletsedwe. Ndi mmene chilonda chimayambira mafinya, penanso kafumbata. Madam, mlangizi wa zaumoyo wa dera lanu adziwitsidwe, adzayang'ane mapazi tsiku loyeza lomwelo.

Madam (Phalombe): Ameneyo timagwira naye ntchito bwino, ndimuuza.

Achemwali a ku Leeds: Nanga makatoni anga aja? Za kuno ndi za ana zenizeni, zolimba, zina zakuda za sukulu.

Wa ku Joni: Achemwali, ndikuuzeni zomwe zinandionekera ine. Ndinatumizapo thumba la zovala ndi nsapato kwa abale pa basi. Njira mukuidziwa: Park Station, Beitbridge, Harare, Nyamapanda, kudutsa Tete, Zobue, kenako Mwanza. Wonyamula anandilipiritsa malinga ndi kulemera, ndipo nsapato zimalemera. Pachipata cha Mwanza katundu wolowa amayenera msonkho wake, ine sindinauwerengere, ndinkangoti poti ndi zakale. Nditaphatikiza zonse ndinapeza kuti ndalama imeneyo ikanagula katundu wochulukirapo pa Limbe pomwepo. Tsono ameneyo ndi Joni, wapafupi. Inu kwanuko ndi pa sitima yapamadzi, miyezi, kudzera Beira kapena Dar es Salaam. Zidzafika chisanu chitatha, mapazi a anawo atakulanso.

Achemwali a ku Leeds: Koma zimandiwawa kuona nsapato zabwinobwino zikungopita m'mabini a zachifundo kuno.

Mayi Geni: Musadandaule, za m'mabinizo n'zomwe zimatipeza kuno m'mabelo, tikugulitsa ife pa kaunjika. Zimabwera kale, zimangosintha dzina panjira.

Malume: Ndiye kuti achemwali akaponya m'bini ku Leeds, ife tikagule pa Limbe. Dziko ndi lozungulira ndithu.

Mayi Geni: Sekani, koma mverani wa pamsika. Ine ndili ndi maganizo awiri. Loyamba, gogoda za a Msungichuma musazinyoze. Ku Phalombe n'zopanda ntchito koma m'tauni muno zili ndi msika. Atsikana a m'maofesi amazifuna, a maukwati amazifuna. Zachimuna zachikopa nazonso zimayenda. Bweretsani zonse zabwino za akuluakulu, tizichape, tizipolishe, ine ndiziyala pabenchi panga Loweruka ziwiri osadyapo kanthu. Ndalama yake tigulire za ana.

Lachiwiri, musayerekeze kugula belo lotseka poganiza kuti mupulumutsa ndalama. Belo ndi juga. Ukhoza kulipira ndalama zambiri, kutsegula n'kupezamo majombo a chipale chofewa ndi nsapato za makanda osayenda. Ife timapirira chifukwa timagulitsa pang'onopang'ono chaka chonse. Ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, belo silikugwirika. Njira yabwino ndi kupita m'mamawa tsiku lomwe anzanga akutsegula, tili ndi miyeso m'manja, n'kusankha peyala imodziimodzi. Ukatenga zambiri kwa munthu mmodzi amakuchotsera.

A Tcheya: Uyu ndiye walankhula ngati munthu wodziwa kumene ndalama imagona.

Achemwali a ku Leeds: Chabwino, ndamva. Ndiwauza anzanga kuti m'malo mwa makatoni apereke ya m'manja. Mapaundi ochepa kuno akasinthidwa amakhala kanthu ndithu. Koma madam anditumizire masayizi, anthu kuno amakonda kumva kuti ndagulira mwana wa sayizi yakuti.

Wa ku Joni: Za masayizi samalani nazo. Ya ku UK ndi ya ku Joni kuno ndi imodzi, ndi yomwenso tinazolowera kwathu ku Bata. Koma ya ana imafika 13 kenako n'kuyambiranso 1, ndiye munthu akangolemba kuti 2 sudziwa ngati akunena khanda kapena mtsikana wa Sitandade 5. Pa kaunjika zambiri zimalembedwa za ku Ulaya, ma 33, ma 38. 38 ameneyo ndi 5 wathu. Za ku America nambala yakenso ina.

Madam (Phalombe): Ndiponso ana angawa ukawafunsa sayizi angokuyang'ana, sanagulirepo nsapato chibadwire. Tichite chonchi: mwana aponde papepala ataimirira, tijambule phazi ndi pensulo, mapazi onse awiri chifukwa salingana ndendende. Tilembe nambala papepalapo, dzina likhale m'kaundula wanga. Ogula adule pepalalo n'kumalilowetsa m'nsapato. Likalowa mosapindika n'kutsala malo a chala chachikulu cha dzanja kutsogolo, imeneyo ndi yake.

Mayi Geni: Pepala la m'kope limapindika msanga madam. Pezani makatoni, aja a sopo kapena a mafuta ophikira. Katoni ikalowa m'nsapato imanena zoona, ngakhale za kutambalala kuja.

Madam (Phalombe): Eya, ndikapempha kumagolosale a pa Migowi.

LACHITATU

Mlembi: Ndiye tigula zamtundu wanji? Ine m'mutu mwanga munali zakuda za sukulu, zomanga ndi zingwe.

Madam (Phalombe): Zakuda zachikopa n'zokongola pa tsiku loyamba. Koma zimafuna polishi, ndipo kholo lomwe likusowa ya mchere silingagule polishi. Zikanyowa kawiri katatu osasamalidwa zimauma gwa n'kusweka. Zansalu zimamwa matope. Zapulasitiki, masofia aja, zimatsukika ndi madzi okha ndipo mwana amaoloka nazo mtsinje, koma mu October zimaotcha ngati mbaula. Kuno chilichonse chili ndi nyengo yake. Pano chomwe chikubwera ndi chiperoni, kamvula kowaza kaja ndi mphepo yotsika m'phiri la Mulanje, mwana kufika m'kalasi zala zitachita dzanzi. Ine ndikanakonda zotseka, zopepuka, zapansi pokhuthala, mtundu uliwonse. Pasukulu pathu sitibweza mwana chifukwa nsapato yake ndi yofiira.

Anesi: Ndi masokosi mapeyala awiri ngati thumba lilola. Phazi losazolowera limatupa matuza sabata yoyamba, mwana n'kudana nayo nsapato mpaka kalekale.

A Tcheya: Zimenezo ndikuchitira umboni. Ine nsapato yanga yoyamba ndinavala nditasankhidwa kupita ku sekondale komwe tinakumana kuja. Bambo anagulitsa mbuzi. Anagula yaikulu dala kuti ndikuliremo, kutsogolo tinatsendera nyuzipepala. Sabata yoyamba ndinkayenda ngati bakha, ndipo usiku ndinkaiika kumutu kuopa akuba. Ena a inu munkandiseka, a Malume ndikukuonani.

Malume: Ine ndinkaseka kayendedwe a Tcheya, osati nsapato.

Msungichuma: Funso langa ndi la ndalama, poti ndi udindo wanga. Sitingakwanitse sukulu yonse. Asankhe ndani kuti uyu alandire, uyu ayi?

Wa ku Joni: Madam amawadziwa ana awo, alembe okha.

Madam (Phalombe): Ayi achimwene, pamenepo mundiphetsa. Ine ndimakhala m'mudzi momwemo, ndimatunga pamjigo umodzi ndi amayi awo. Ndikalemba ndekha mawa kudzamveka kuti madam anasankha ana a anzawo a kutchalitchi. Pasukulu pali mother group, amayi omwe amayendera ana ojomba ndipo amadziwa khomo lililonse, kuti uyu akulera ndi agogo, uyu nyumba yawo inapita ndi madzi nthawi ya Freddy ndipo mpaka lero sanaimirire. Palinso komiti ya sukulu ndi amfumu. Mndandanda utuluke pamenepo, ahedi asayine, ine ndingokhala wojambula mapazi. Ndipo tinene poyera kuti ndi ana angati, tisalonjeze mudzi wonse.

A Tcheya: Zoona. Ahedi adziwitsenso a PEA, alangizi a sukulu za pulayimale m'deralo, kuti zisadzaoneke ngati talowera pawindo.

Msungichuma: Ndiye ndipemphe kuti chiwerengero tidzatchule ndalama zitalowa, osati lero. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Malonjezo a pa gulu lino ndimawadziwa, a chikumbutso chathu chija ena mpaka pano sanamalize.

Malume: Mwatchula dzina langa mosatchula.

Achemwali a ku Leeds: Pali kanthu kena. Anzanga kuno adzafuna zithunzi. Osati kudzionetsera ayi, koma anthu anapusitsidwapo kambiri, amafuna kuona kuti ndalama inafikadi. Tidzajambule ana akulandira, asanavale ndi atavala.

Madam (Phalombe): Apa ndiye ndikana, mundikhululukire achemwali. Anthu a chaka chatha aja anaika zithunzi pa Facebook, mapazi a ana ong'ambika, nkhope zili poyera. Mafoni kumudzi kuno aliko. Mnyamata wina wa Sitandade 6 anzake anamupatsa dzina loti Chithandizo, anajomba sabata yathunthu. Mwana wanu mungalole kuti ajambulidwe zidendene n'kuikidwa pa intaneti kuti azungu amve chisoni?

Achemwali a ku Leeds: Madam, mawu amenewo alemera. Ine sindikugulitsa umphawi wa munthu. Ndimagwira ntchito usiku kusamalira okalamba kuno, ndalama yomwe nditumizeyo si yotola. Ndikungofuna poyankhira ndikafunsidwa.

Madam (Phalombe): Pepani ngati ndalasa, sindimanena inu. Ndimanena chizolowezi chomwe chatikwana kuno.

A Tcheya: Tonse tili mbali imodzi, tisakanganirane pamwamba pa ana. Achemwali akufuna umboni, madam akuteteza ulemu wa mwana, ndipo zonsezi n'zotheka. Tijambule mulu wa nsapato zitachapidwa, tijambule makatoni a mapazi aja, tijambule malisiti ndi kalata ya ahedi yokhala ndi chidindo. Ngati pafunika anthu pachithunzi, tiimepo ifeyo ndi a komiti, ndife akuluakulu ndipo tavomera tokha.

Achemwali a ku Leeds: Makatoni a mapaziwo ndiye andigwira mtima. Amenewo akwanira.

Wa ku Joni: Msuweni wanga amayenda ndi bwana wina yemwe akufuna kudzaimira kuderako. Akuti akhoza kutipatsa galimoto ndi mafuta ulere, bola adzalankhulepo pa tsikulo.

Malume: Walira mvula walira matope. Adzabwera ndi nsalu za chipani ndi gulu lovina, nsapato zathu zidzasanduka zake.

A Tcheya: Muwathokoze achimwene, koma ayi. Matumba awiri kapena atatu amakwera minibasi pa Limbe, msewu wa ku Chiradzulu uja, madam n'kukatichingamira ndi kabaza. Ndipo pasakhale mwambo. Ana adzaitanidwe m'kalasi imodzi, ochepaochepa, ayese, amange zingwe, azipita.

Mayi Geni: Ndiwonjezere kamodzi. Pa Migowi kapena pa Chiringa sipangalephere wosoka nsapato. Za kaunjika zambiri zimakhala zomata ndi guluu, zikakumana ndi madzi ndi miyala zimayasama. Mukazipititsa kwa wosoka zisanavalidwe, azizungulize ndi ulusi, zimakhala nthawi yaitali kwambiri. Tipatule kandalama ka iyeyo, kenanso katsale kwa a komiti kokonzetsera zikadzang'ambika.

Madam (Phalombe): Alipo bambo wina wolumala mwendo amasoka pansi pa mtengo pafupi ndi msika, ntchito yake ndi yaukhondo. Adzasangalala.

LACHISANU

Mlembi: Pomwe tafika ndi apa, wina andikonze ngati ndaphonya. Nsapato za akuluakulu zibwere kwathu ku Chilomoni pofika Loweruka la mawa lino ndi linalo, zochapa, zomangidwa pamodzi ndi zingwe zake kapena kachingwe, kuti peyala isasiyane. Yomwe inuyo simungaivale kupita nayo kutauni, musabweretse. Ine ndi a Malume tidzayang'ana pakhomo pomwepo ndipo yosayenera mudzabwerera nayo, musadzakwiye. Za ana anu zomwe zawachepera koma zili zolimba, bweretsaninso, tidzaziyesa ndi makatoni. Ndalama zipite kwa a Msungichuma pa Airtel Money kapena Mpamba, nambala ndi zomwe zija za masiku onse, ndipo aziika pano chilichonse cholowa madzulo aliwonse.

Msungichuma: Potumiza muziwonjezera yochotsera chonde. Ndipo gogoda ndatulutsa mapeyala asanu. Imodzi ndabweza pansi pa bedi, mtima unakana.

Malume: Ine ndapeza yakumanzere ya nsapato yanga ya pa ukwati. Yakumanja tikuisakabe ndi akunyumba.

Mayi Geni: Ikapanda kupezeka musaibweretse, benchi langa si chipatala.

Madam (Phalombe): Amayi a mother group akumana dzulo, mndandanda uli kwa ahedi. Lero tayamba kujambula a Sitandade 1 ndi 2, mlangizi wa zaumoyo analipo, ana anayi wawapatula kuti ayambe alandira chithandizo cha zala. Kuseka kunali kosati pano, pensulo ikamadutsa pakati pa phazi amati ikuwagirigisha, ena tajambula katatu. Kamtsikana kena katamaliza kanakana kusiya katoni yake, kakuti ndi phazi lake kapita nalo kwawo, mpaka tajambula ina.

Makatoni atithera. Amene akubwera kuno kumapeto kwa sabata anditengereko ena, ndi mapensulo awiri.

Wa ku Joni: Mlamu wanga akwera ya m'mawa Loweruka, ndamuuza adutse kwa alembi atenge.